Mwambo Ukalowa M'buku

Pali mabuku awiri amene anthu ambiri a m'dziko muno sanawaonepo, koma amene akhala akukhudza maukwati ao ndi chuma chao kwa zaka zoposa 50. Amene anawalemba ndi J. O. Ibik, katswiri wa malamulo wochokera ku Nigeria, ndipo anasindikizidwa ku London, loyamba m'chaka cha 1970, lachiwiri m'chaka cha 1971. Loyamba lifotokoza za ukwati ndi kutha kwake. Lachiwiri lifotokoza za malo, chuma cha masiye, mapangano ndi milandu ya kulakwirana. Onse awiri anali mbali ya nchito yaikulu yotchedwa Restatement of African Law, imene Antony Allott anaitsogolera pa sukulu ya School of Oriental and African Studies, ndipo cholinga chake chinali kulemba malamulo a makolo a mitundu ya mu Afrika monga momwe akuluakulu a mitunduyo anawafotokozera. Mabuku a dziko la Kenya, olembedwa ndi Eugene Cotran, ndiwo anatsogola, a Malawi nabwera pambuyo.

M'nkhani ino tifuna kuwayesa mabukuwa, kuti tione chimene anakhoza ndi chimene anasiya. Koma munthu sayesa chinthu popanda muyeso, ndipo muyeso wathu tiutenga kutali, kwa aphunzitsi a chilamulo a Chiyuda, aja amene anthu ao amawatcha rabi. Iwowa analimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 1,300: kodi mau amene akhala akuyenda pakamwa, kuchokera kwa mkulu kunka kwa wophunzira wake, angalowe bwanji m'buku osafa? Yankho limene anafikapo, atatsutsana kwambiri, ndi lakuti buku la malamulo liyenera kusunga chiweruzo pamodzi ndi mtsutso umene unabala chiweruzocho. Ife tiganiza kuti apa ndi pamene mabuku a Ibik aperewera, ndipo kupereweraku kuoneka bwino koposa m'midzi ya m'tauni monga Area 49 ku Lilongwe.

Bvuto la m'tauni

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu a m'maboma onse anatsatira nchito, nadzamanga m'dziko la Achewa. Amene amayenda ku Gulliver, ku Shire kapena ku Dubai mu Area 49 adziwa kuti mumzere umodzi wa nyumba mupezeka wa ku Chitipa, wa ku Mangochi, wa ku Nsanje ndi wa ku Dowa, ndipo ana ao aphunzira sukulu imodzi, nasewera bwalo limodzi, potsiriza nakwatirana. Tiyerekeze tsono kuti mnyamata wa ku Rumphi akwatira mtsikana wa ku Dedza. Kwao kwa mnyamata amalowola, ndipo ng'ombe zikaperekedwa ana amakhala a kuchimuna. Kwao kwa mtsikana kuli chikamwini ndi chitengwa, ndipo ana ndi mbumba ya atsibweni ao. Awiriwa agula puloti, namangapo nyumba ndi ndalama za onse awiri. Patapita zaka 20 mwamuna amwalira. Maliro atatha, abale a mbali zonse ziwiri akhala pansi pa khonde kuti akambe za ana, za nyumba ndi za mai wamasiye. Kodi atsate mwambo wa yani?

Kumudzi funso lotere silinkabvuta kwenikweni, pakuti mfumu, nduna zake ndi ankhoswe onse anakulira mwambo umodzi, ndipo wonama ankagwidwa msanga ndi anthu okumbukira mlandu wofanana nao umene unaweruzidwa pa bwalo lomwelo. M'tauni okumbukirawo mulibe. Mafumu a m'tauni amagwira nchito yaikulu pa maliro ndi poyanjanitsa anansi, koma anthu ao ndi a miyambo khumi. Mlandu ukapitirira nufika kwa majisitireti kapena ku Khoti Lalikulu, lamulo la makhoti linena kuti mwambo uyenera kutsimikizidwa ndi umboni monga nkhani ina iri yonse. Woweruza angathe kumva mboni zodziwa mwambowo, angathenso kutsegula mabuku. Potero buku losindikizidwa mu 1970 limalankhula pa mlandu wa lero, ngakhale eni mlandu sanamvepo dzina la mlembi wake.

Tisafulumire kunena kuti mwambo ukanangosiyidwa pakamwa, pakuti mbiri yathu yomwe itichenjeza. Kuyambira m'chaka cha 1969 boma la Dr. Kamuzu Banda linapatsa makhoti a miyambo mphamvu yoweruza milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma yomwe. M'makhotiwo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo pamene umboni unachepa oweruza ankathawira ku mwambo wosalembedwa, naupinda monga anafunira. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera Chirwa anaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti lotere m'chaka cha 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Makhotiwo anatha pamene dziko linasintha kayendetsedwe kake mu 1994. Mwambo wopanda malemba umafewa ngati dongo m'manja mwa munthu wamphamvu. Chifukwa chake kulemba n'koyenera ndithu. Funso latsala ndi la kalembedwe.

Buku losunga mau a ogonja

Ayuda ali ndi mabuku asanu a Mose, amene iwo awatcha Torah. Koma malamulo a m'menemo ndi aafupi, ndipo sanena zonse. Lamulo liletsa nchito pa tsiku la Sabata, osafotokoza bwino lomwe kuti nchito n'chiani; lilola kalata ya chilekaniro, osanena kalembedwe kake. Mayankho a mafunso otere ankasungidwa pamtima, mphunzitsi nawapatsira ophunzira ake mwa kubwerezabwereza, monga momwe namkungwi alangira anamwali popanda pepala. Izi zinayenda bwino kufikira tsoka linagwa. M'chaka cha 70 Aroma anapasula Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo nkhondo ina, ya Bar Kokhba, inatha mu 135 ndi imfa za anthu ambirimbiri, aphunzitsi ena ali momwemo. Otsala anaona kuti mkulu mmodzi akafa, milandu yonse imene anaisunga pamtima ifera naye limodzi.

Kotero cha m'ma 200, ku Galileya, mtsogoleri wao Judah ha-Nasi anasonkhanitsa mau a aphunzitsi, nawakonza m'buku lotchedwa Mishnah, dzina lochokera ku liu lotanthauza kubwereza. Bukuli liri ndi zigawo 6: cha mbeu ndi minda, cha masiku opatulika, cha akazi ndi ukwati, cha kuonongerana katundu ndi makhoti, cha nsembe, ndi cha kudetsedwa ndi kuyeretsedwa, ndipo m'zigawozo muli timabuku 63. Owerenga adzaona okha kuti chigawo chachitatu ndi chachinai zikamba nkhani zomwe zija za mabuku awiri a Ibik.

Chimene tiyenera kupenyetsetsa ndi kalembedwe kake. Kawirikawiri Mishnah imati mphunzitsi uje aloleza, mphunzitsi uje aletsa, ndipo ambiri agamula chakuti. Mitsutso ya ophunzira a Hillel ndi ophunzira a Shammai inalembedwa momwemo, ngakhale kuti pafupifupi pali ponse chiweruzo chinatsata a Hillel. Bukulo lomwe lipereka chifukwa chake, ndicho chakuti mau a munthu mmodzi wogonja asungidwe kuti bwalo la m'tsogolo, likadzaona kuti pafunika kusintha, lidzapeze poponda. Makolo athu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Aphunzitsi aja anaonjezapo kuti mau ogonjetsedwa naonso aziloledwa kugonera, osatayidwa kudzala.

Mibadwo yotsatira inakambirana Mishnah mzere ndi mzere m'sukulu za ku Galileya ndi za ku Babulo, ndipo zokambiranazo zinasonkhanitsidwa m'mabuku otchedwa Talmud. Talmud ya ku Babulo, imene inatsirizika patapita zaka mazana atatu kapena anai, iri ndi mapepala 2,711 olembedwa mbali zonse ziwiri, kotero kuti munthu wowerenga pepala limodzi tsiku liri lonse amatha zaka 7 ndi theka. Apa mankhwala anabala nthenda ina. Munthu wamba wofuna kudziwa ngati angachite chakuti mawa m'mawa, kapena woweruza wa m'mudzi wakutali amene eni mlandu amkhalira pakhomo, sakanatha kuoloka nyanja yotere tsiku liri lonse.

Maimonides ndi womtsutsa wake

Amene analimba mtima kulambula njira yachidule ndi Moses Maimonides, wobadwira ku Córdoba m'dziko la Spain, amene anakhala zaka zake zambiri ku Egypt, ali sing'anga ndi mtsogoleri wa Ayuda, namwalira mu 1204. Kwa zaka 10 analemba Mishneh Torah, naitsiriza cha m'ma 1180, m'mabuku 14 a Chihebri chomveka bwino. Anachotsamo mitsutso ndi maina a otsutsana, ndipo sanaloze malo a mu Talmud kumene anatenga lamulo liri lonse. Chotsala chinali chiweruzo chokha, chosalala ngati ufa wosefa. M'mau ake oyamba ananena poyera cholinga chake, chakuti munthu akawerenga mabuku a Mose kenaka buku lakelo, asasowenso buku lina pakati pao.

Ukatswiri wa nchitoyo palibe anaukana, koma mkulu wina wa ku Posquières kumwera kwa France, Abraham ben David, anaitsutsa kolimba. Mfundo yake inali yakuti woweruza amene aona lamulo popanda gwero lake alibe njira yoliyesera. Akapeza kuti buku litsutsana ndi chimene iye anaphunzira, sadziwa ngati mlembi anaona umboni umene iye sanauone, kapena ngati mlembiyo anangolakwa. Ndipo kumuuza kuti agonje asanaone umboni ndiko kumchititsa mwana. Maimonides mwini wake, m'kalata imene analembera woweruza wina wa ku Alexandria, anabvomera kuti tsiku lina atafunsidwa gwero la lamulo lina la m'buku lake, iye yemwe anabvutika kulipeza.

Chimene chinachitika pambuyo pake n'chophunzitsa. Ayuda sanataye bukulo, komanso sanalilole kukhala lokha. Osindikiza anaika mau a Abraham ben David pa tsamba lomwelo, pambali pa lamulo limene anatsutsa, ndipo akatswiri ena anatha moyo wao akufufuza magwero amene mlembi anasiya. Buku limene linafuna kutseka mtsutso linabala mitsutso yatsopano yosawerengeka, ndipo m'mitsutso imeneyo ndi momwe lakhalira ndi moyo kufikira lero.

Gome ndi nsalu yake

M'chaka cha 1492 Ayuda anapirikitsidwa m'dziko la Spain, nabalalikira ku Turkey, ku Italy, kumpoto kwa Afrika ndi kwina. M'mzinda umodzi munapezeka magulu ochokera m'maiko osiyana, gulu liri lonse ndi sunagoge wake ndi mwambo wake, pamene ana ao anali kukwatirana ndi kuchita malonda pamodzi. Bvuto lao linali lomwe lija taona pa khonde la ku Area 49. Mmodzi wa ana othawawo anali Joseph Karo, wobadwa mu 1488, amene pambuyo pake anakhazikika ku Safed m'Galileya. Iye anayamba ndi nchito yolemera: kwa zaka 20 analemba Beit Yosef, m'mene analondola lamulo liri lonse kuchokera ku Talmud, natchula amene ananenapo kanthu. Pogamula anadziikira njira yachidule. Anatenga akuluakulu atatu akale, Isaac Alfasi, Maimonides ndi Asher ben Jehiel, ndipo pamene awiri anagwirizana iye anatsata awiriwo. Atatha izi ndi pamene analemba buku lalifupi la ziweruzo zokha, Shulchan Aruch, ndiko kuti gome loyalidwa chakudya, limene linasindikizidwa ku Venice mu 1565.

Koma awiri mwa atatu aja, Alfasi ndi Maimonides, anali a ku Spain ndi kumpoto kwa Afrika. Potero miyambo ya Ayuda a ku Germany ndi ku Poland inagonja isanayambe n'kulankhula komwe. Mphunzitsi wa ku Kraków, Moses Isserles, anaona izi, koma sanauze anthu akwao kuti ataye bukulo. Analemba timau take pansi pa ndime za Karo, pali ponse pamene anthu akwao anachita mosiyana, natcha nchito yakeyo Mappah, ndiko kuti nsalu yoyala pa gome. Zitsanzo ziwiri zikwanira. Pa masiku a Paskha Karo alola kudya mpunga ndi nyemba. Isserles alemba kuti kwao zimenezi amasala. Kunena za mitala, Gershom wa ku Mainz anailetsa cha m'ma 1000. Karo alemba kuti chiletsocho sichinafalikire m'maiko onse, ndipo Isserles ayankha kuti m'maiko akwao chikali chiimire. Kuyambira m'zaka za m'ma 1570 mau a awiriwa anasindikizidwa pa tsamba limodzi, a Isserles m'zilembo zosiyana kuti wowerenga adziwe amene akulankhula.

Ngakhale pamenepo otsutsa sanasowe. Solomon Luria wa ku Poland ndi Judah Loew wa ku Prague anachenjeza kuti anthu adzazolowera kuweruza ndi buku lachidule osadziwa zifukwa. Komabe pang'onopang'ono bukulo linalandiridwa kum'mawa ndi kumadzulo komwe, popanda mfumu kapena msilikali wokakamiza, chifukwa munthu ali yense akalitsegula ankapezamo mau akwao.

Tisaganize kuti zonse zinakoma. Aphunzitsi onse amene tatchulawa anali amuna, ndipo pa nkhani za akazi mau a akazi eni ake sanalembedwe. Mwa chilamulo chao kalata ya chilekaniro apereka ndi mwamuna yekha, kotero kuti mkazi amene mwamuna wake akana kuipereka, kapena wasowa osadziwika ngati wafa, amakhala womangika, wosatha kukwatiwanso. Mkazi wotere amamutcha agunah, ndipo bvutoli likali kusautsa mabwalo ao masiku ano. Buku lingathe kusunga mitsutso ya anthu amene anakhala pa bwalo, koma silimva amene sanaitanidwe.

Kuyesa mabuku a Ibik

Tsopano tibwerere kwathu ndi muyeso uli m'manja. Choyamba tiyenera kuyamika. Ibik sanayese kusakaniza miyambo yonse ya Malawi kuti ikhale phala limodzi. Anapatsa Achewa, Ayao, Angoni, Atumbuka ndi ena malo aoao, ndipo m'menemu anachita monga Isserles. Anafunsa akuluakulu a nthawiyo, nakonza mayankho ao mwa dongosolo, kotero kuti woweruza wobadwira ku Karonga angathe kuphunzira kuti kwa Achewa ukwati umaima pa ankhoswe, ndipo wobadwira ku Thyolo angathe kuphunzira kulemera kwa malowolo kumpoto. Akuluakulu amene anafunsidwa aja anapita kale. Chimene chikanafera nao limodzi chinapulumuka.

Chopereweza choyamba ndi chija cha Maimonides. Malamulo aikidwa ndime ndi ndime, osalala, monga ngati anagwa kumwamba ali otha kale. Koma ali yense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu adziwa kuti chiweruzo chimadza madzulo, anthu atatha tsiku lonse akuponyerana miyambi, akukumbutsana milandu yakale, akufunafuna njira yakuti olakwirana adzathe kudyeranso mbale imodzi. Titenge lamulo lodziwika bwino m'makhoti athu, lakuti m'ukwati wa chikamwini mwamuna ayenera kumangira mkazi nyumba kwao kwa mkaziyo, ndipo ukwati ukatha asanamange, khoti lingamlamule kumanga kapena kupereka ndalama zake. Kumudzi chifukwa chake chinali choonekeratu: malo ndi a mbumba ya mkazi, ana adzatsala komweko, mitengo ndi udzu ziri kuthengo, ndipo chofunika ndi mphamvu za mkamwini basi. Nanga m'tauni, kumene banja lakhala zaka 15 m'nyumba ya lendi, mkazi sanalimepo kumudzi, ndipo ana aphunzira ku Lilongwe? Woweruza amene ali ndi lamulo lokha adzachita chimodzi mwa ziwiri, kulitsata mwakhungu namangitsa nyumba kumene munthu sadzagonamo, kapena kulitaya kuti ndi lachikale. Koma amene adziwa chifukwa chake, kuti mai ndi ana asatsale opanda denga, adzafunsa kuti dengalo likhale kuti masiku ano.

Chachiwiri ndi chakuti buku lotere limalankhula ndi liu limodzi, lakuti Achewa amachita chakuti, pamene Mishnah ikadati mkulu uje anena chakuti, mnzake natsutsa. Martin Chanock, m'buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo m'Malawi ndi m'Zambia, anasonyeza kuti zambiri zimene zinatchedwa mwambo wa makolo zinaumbidwa m'nthawi ya atsamunda. Boma litapatsa mafumu makhoti mu 1933, anyamata ali ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo ndalama zitalowa m'midzi, akuluakulu achimuna anali ndi chifukwa chokumbukira mwambo mwa njira yolimbitsa mphamvu zao pa akazi ndi pa achinyamata. Ndiye kuti ofotokoza mwambo anali eni mlandu, osati mboni chabe. Sitikuti ananama; tikuti wowerenga ayenera kudziwa amene akulankhula, kuti ayese mau ake. Komanso mitu yogawidwa monga mwa mitundu ndi mitu ya kumudzi. Mlandu wathu wa mnyamata wa ku Rumphi ndi mtsikana wa ku Dedza ugwera pa mpata wa pakati pa mitu iwiri.

Chachitatu ndi chinenero. Maimonides analemba m'Chihebri chimene Myuda ali yense wophunzira anatha kuwerenga, ndipo chifukwa cha ichi womtsutsa anapezeka iye akali ndi moyo. Mabuku a Ibik ali m'Chingerezi cha maloya, ndipo anasindikizidwa kutsidya la nyanja. Nkhoswe, namkungwi kapena nyakwawa amene akadatha kunena kuti apa mwalakwa, kwathu sititero, analibe mwai woona tsambalo. Potero gome linayalidwa, koma eni chakudya sanakhalepo. Cholakwachi si cha mlembi yekha ai. Chachikulu ndi chathu, amene tinalandira mabukuwo nitiwasiya m'makabati a makhoti.

Tisaiwale alembi athu amene analemba m'chinenero chathu. Samuel Yosia Ntara anatipatsa Mbiri ya Achewa, Archibald Makumbi anatipatsa Maliro ndi Miyambo ya Achewa mu 1955, ndipo John Gwengwe anatipatsa Kukula ndi Mwambo mu 1965. Awa ali nacho chimene Ibik alibe: mau eni eni a mwambo, ndi zifukwa zimene akuluakulu amapereka. Koma iwo analembera kulangiza achinyamata kuti asataye za kwao, ndipo mlangizi saonetsa mwana kuti akuluakulu amatsutsana. Kotero tiri ndi ziweruzo zopanda zifukwa m'Chingerezi, ndi zifukwa zopanda mtsutso m'Chichewa.

Pamene Nyumba ya Malamulo inalowererapo

Wina adzati nkhani yonseyi yatha nchito, popeza boma linapanga malamulo ake. Zoonadi boma lachitapo kanthu. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 linagawa dziko pawiri: ukwati ukapanganidwa m'maboma olowola, mkazi, ana ndi odalira womwalirayo ankalandira theka, theka lina likupita kwa olowa m'malo mwa mwambo; m'maboma a chikamwini ankalandira magawo awiri mwa magawo asanu. Lamulo la 2011 linachotsa malire amenewo, niika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi odalira, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa chilango. Lamulo la ukwati la 2015 lizindikira ukwati wa mwambo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa boma, ndi wa anthu amene akhalira pamodzi zaka zosachepera 5 nadziwika kuti ndi banja, ngakhale ankhoswe panalibe. Mai wamasiye wa m'chitsanzo chathu ali ndi chishango chimene amai ake analibe, ndipo ichi n'chabwino.

Komatu lamulo la boma silifika ponse. Silinena kumene maliro aikidwe, kapena amene ayenera kulankhula poyamba, kapena tsiku losudzula wamasiye, kapena amene adzakhale nkhoswe ana aja akadzakwatira. Milandu yambiri ya m'banja sifika n'kukhoti komwe. Imathera pa khonde, pamaso pa ankhoswe, akulu a mpingo kapena mfumu ya m'tauni, ndipo pamenepo wapolisi palibe. Pa khonde buku limagwira nchito pokhapokha mbali zonse ziwiri zikalikhulupirira, monga momwe gome la Karo linalandiridwira litayalidwa nsalu.

Buku limene tilisowa

Pamene Daniel Bomberg anasindikiza Talmud yonse ku Venice, kuyambira 1520 kufikira 1523, tsamba linakonzedwa mwa njira imene itsatidwa mpaka lero: mau akale ali pakati, mbali ina kuli Rashi, mphunzitsi wa ku France, akumasulira, ndipo mbali inayo kuli otsatira ake akufunsa ndi kutsutsa. Tsamba lotere ndi limene mwambo wathu ulisowa. Pakati paikidwe mau a Ibik, otembenuzidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Pambali palembedwe chifukwa cha lamulo liri lonse, ndi mau a amene atsutsa, anamkungwi ndi amai amasiye ali momwemo, kuti tisabwereze cholakwa cha mabwalo a amuna okhaokha. Pansi palembedwe chimene Nyumba ya Malamulo inasintha, ndi chaka chake. Ndipo pakhale malo aakulu a milandu ya m'tauni, yosonyeza momwe ankhoswe a ku Area 49, ku Kawale ndi ku Area 25 anayanjanitsira miyambo iwiri, njira imene inagwira ndi imene inakanika, popanda kutchula maina a eni mlandu.

Nchito yotere iyenera sukulu ya malamulo ya University of Malawi ku Zomba pamodzi ndi bungwe la Law Commission, koma mutu umodzi susenza denga; odziwa zambiri ndi aja amene amakhala pa mphasa Loweruka liri lonse akukonza mabanja. Mbadwo uli wonse uyenera kudzaonjezapo mzere wake. Mabuku a Ibik aime pakati pa tsamba, pakuti malowo awayenera. Koma m'mbali mwao mukali moyera, ndipo akuluakulu amene angalembemo akukalamba tsiku ndi tsiku.